Khasu la Matope Akuda

Lero ndi Lachitatu, mwezi wa Okutobala, chaka cha 1979, kuno kwathu kwa Mwambo, dzuwa litapendeka. Amene alipo ndi awa: ine bambo ako, ndakhala pakhonde, amayi ako, akusita zovala zako ndi simbi ya makala, amalume ako a Dayisoni, akumata chubu cha njinga patsinde pa mango. Iwenso, Esitere, ulipo. Wakhala kuseri kwa nkhokwe, buku lili pamiyendo, milomo ikugwedezeka. Ndikanatha kukuitana. Koma pakamwa panga panazolowera zinthu ziwiri zokha, kulamula ndi kuletsa, ndipo chimene ndili nacho lero sindikudziwa kuti chili mbali iti. N'chifukwa chake ndabwereka pensulo yako. Sukulu ndinalekeza ndisanadziwe bwino poika mpumiro. Pamene ndalakwitsa, uwerenge modekha.

Mawa ukunyamuka kupita ku Blantyre kukaphunzira unamwino. Mudzi wonse ukukondwa, inenso ndikukondwa, ngakhale nkhope yanga siidziwa kuonetsa. Koma pali chimene ndikuchiona. Chibwerere zotsatira za mayeso ako, sukugona. Umadya chiimire. Lamlungu unadutsa amayi ako aakulu panjira ya kuchitsime. Anakupatsa moni kawiri, iwe osamva, mpaka anabwera kuno kudzafunsa ngati anakulakwira. Dzana chikho chinagwa m'manja mwako popanda wokugunda. Sukulu ikutsegulidwa Lolemba, koma iwe waumirira kunyamuka Lachinayi poopa kuchedwa. Amayi ako akuti ndi chimwemwe. Amalume ako akuti ndi malungo. Ine chinthu chimenecho ndikuchidziwa, pakuti chinakhalapo m'chifuwa mwanga, ngakhale dzina lake sindinalimvepo. Mantha anga ndi akuti ukapita nacho kutauni, kumene kulibe wodziwa nkhope yako ya masiku onse, chikakugwetsa, ndipo udzabwerera kuno sukulu isanathe, uli munthu wina. Kalata yonseyi ndi ya nkhani imeneyo basi.

Iwe umandidziwa monga munthu wa changu, ndipo sukulakwa. Ntchito yanga inali yonyamula nsomba zaziwisi panjinga, kuchokera padoko pa Kachulu kukafika pa Songani, nthawi zina mpaka ku Zomba. Nsomba yaiwisi siidikira munthu. Dzuwa likakwera, mtanga umayamba kununkha, ndipo ogula amamva fungo iwe usanatsike panjinga. Choncho ndinaphunzira kupalasa mutu uli pansi. Njira imeneyo ndinaiyenda zaka zambiri, koma ukanandifunsa kuti m'mbali mwake muli mitengo yanji, sindikanakuyankha. Ndinkadziwa maenje okha, ndi pamene pali mchenga wogwira matayala. Changu chimenecho ndicho chinakudyetsa, ndicho chinakulipirira sukulu. Sindikuchinyoza. Ndinakuphunzitsa iwe chomwecho: ukatumidwa thamanga, usaime panjira, usayang'ane kumbali. Unamvera kuposa ana onse a m'mudzi muno. Tsono lero ndikakuyang'ana, ndikuona kuti ukuchita zomwe ndinakuuza, ndipo zikukudwalitsa.

Chaka chimene nyanja inaphwa uchikumbukira pang'ono, unali wamng'ono. Madzi anathawa pang'onopang'ono, mabwato anatsala atagona pamatope ngati ng'ombe zodwala, ndipo anthu anayamba kupita ku chilumba cha Chisi wapansi. Nsomba zinatha. Njinga ndinaikoleka kudenga. Apa ndipo chinthu chija chinandilowa. Ntchito panalibe, koma thupi silinamve kuti ntchito yatha. Ndinkadzuka mbandakucha mtima ukugunda ngati ndachedwa kudoko. Miyendo inkapalasa yokha ndili pamphasa. Ndinapita kuchipatala, anandiika chitsulo chozizira pachifuwa, nandiuza kuti ndilibe matenda. Akulu a mpingo anandipempherera, ndipo ndikuthokoza, koma tulo sitinabwere. Ndinayamba kukalipira amayi ako pa zinthu zopanda pake. Tsiku lina ndinaswa mtsuko chifukwa mtsukowo unanditchinga pakhomo. Nditaona mapale pansi, iwe utabisala kuseri kwa chitseko, ndinachita mantha ndi manja anga omwe. Ndinatuluka. Sindinaganize kopita. Ndinangotuluka kuti manja amenewo akhale kutali ndi nyumba.

Mwana wanga, zimene zinachitika tsiku limenelo ndizo zikundivuta kulemba, chifukwa palibe chinachitika. Ndinatsika kudambo, ndinadutsa m'mabango, ndinaponda pamene kale panali madzi ofika m'khosi. Pansi panali ming'alu yolowa dzanja. Poyamba ndinkayenda mofulumira, monga wopita ku Songani. Koma pamene palibe njira, palibenso pofulumirira. Sindikudziwa kuti miyendo inayamba liti kuchepetsa. Ndinangozindikira nditaima, ndikuyang'ana kakowa mmodzi ataimirira ndi mwendo umodzi pakachithaphwi kotsala. Iye anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Nditatembenuka, ndinaona phiri la Zomba lonse, kuyambira mbali ino mpaka mbali inayo, ndipo ndinadabwa ngati mlendo, ine amene ndinkapalasa molunjika phiri limenelo tsiku ndi tsiku. Ndinabwerera dzuwa likulowa, ndinadya, ndinagona mpaka nkhuku zinatuluka m'khola ine osamva. Ukandifunsa kuti kakowa ali ndi mankhwala anji, sindikudziwa. Ndaganiza zaka zonsezi, sindikudziwabe.

Cholakwa changa choyamba chinali kuyankha zoona. Izi uwerenge chamumtima, ndipo usazifotokozere anzako. Nditayenda choncho kangapo, tsiku lina ndinakumana ndi anyamata a chipani kumapeto kwa dambo. Khadi la chipani ndinali nalo, ndinawaonetsa. Wamkulu wawo analiyang'ana uku ndi uku, kenako anati, "Chabwino, bambo. Nanga mukupita kuti?"

Ndinati, "Sindikudziwa."

Iye anati, "Mwachokera kuti?"

Ndinati, "Kunyumba."

"Mwachoka kunyumba, mwatseka chitseko, mwavala chipewa, koma kumene mukupita simukudziwa? Kodi ife mukutiyesa ana?"

Tsidya lija la malire kunali nkhondo masiku amenewo, ndipo ukudziwa kuti makolo athu anachokera komweko. Munthu woyenda yekha choloza kummawa, wosadziwa kopita, sanali wosekedwa. Ananditengera kwa a tcheyamani a nthambi. Sindikudandaula, anyamatawo anagwira ntchito yawo. Mwayi wanga unali wakuti a tcheyamaniwo ndinkawasiyira milamba kale, nyanja ili ndi madzi. Anandikhazika pansi mpaka madzulo, kundifunsa funso lomwelo mobwereza, ine yankho lomwelo, chifukwa lina ndinalibe. Pomaliza anathamangitsa anyamata aja, natsitsa mawu, nati, "Achimwene, ine sindikumvetsa, ndipo ndikuona kuti inunso simukumvetsa. Koma m'dziko muno munthu sayenda manja ali lende. Nyamulani kanthu. Wonyamula khasu safunsidwa." Kumbukira mawu amenewo, Esitere. Khadi lizikhala m'thumba, ndipo m'manja muzikhala kanthu.

Cholakwa chachiwiri chinali khasu lomwelo. Ndinayamba kutuluka nalo paphewa, ndipo zoonadi panjira palibe anandifunsa. Koma ine pano ndine mkamwini, ndipo agogo ako, amayi a amayi ako, anali adakali moyo, maso awo akuthwa kuposa a anyamata a chipani. Tsiku lina ndikulowa pabwalo, iwo ali pamkeka akusankha mpunga, analankhula moyang'ana nkhuku, monga mwa ulemu wa apongozi: "Nkhuku inu, mwaliona khasu la kuno? Limapita kumunda loyera, limabwera loyera. Koma ndiye laukhondo, ngati la abusa!" Ndinalowa m'nyumba makutu akutentha. Kuyambira tsiku limenelo, ndisanabwerere, ndinkafuna pamene pali chinyezi, ndi kulipaka khasu matope mpaka kumpini. Munthu wamkulu, wa ndevu, kugwada m'dambo kupaka khasu matope ndi manja. Ndinkadziona kuti ndine wochenjera. Agogo ako sanalankhulenso ndi nkhuku, ndipo ndinayesa kuti nkhani yatha.

Nkhaniyo inadzatha patapita zaka zambiri, agogo ako atamwalira. Tsiku lina amayi ako akutsuka makasu, anati, "Bambo a Esitere, munda wathu ndi wamchenga. Matope akuda awa mumawagula kuti?"

Ndinati, "Mwadziwa liti?"

Anati, "Tsiku loyamba. Amayinso ankadziwa. Anati musiyeni, bola mitsuko yasiya kusweka."

Ndinayang'ana makasuwo. Kenako ndinati, "Simunandiyese wamisala? Kapena kuti ndili ndi mkazi wina ku Chisi?"

Anaseka mpaka anagwetsa khasu. "Mkazi wake uti angalole mwamuna wobwera ndi khasu? Ndipo inu, mmene mumationa ife amayi tikupita kunkhuni mmawa n'kubwera dzuwa lili pamutu ndi kamtolo kamodzi, mumayesa nkhuni zimathawa?"

Mpaka lero mawu amenewo amandizunguza. Ine ndinkayesa kuti ndatulukira chinthu chachilendo, chochititsa manyazi, choyenera kubisa. Kani akazi a mudzi uno akhala akuchichita chiyambire, ali ndi nkhata pamutu, osauza munthu. Ngati ndi choncho, bwanji amayi ako sanakuphunzitse? Ndawafunsa mmawa uno. Akuti anayesa, koma iwe ukapita kunkhuni unkabwera msanga kuposa onse, chifukwa unkaopa ine. 

Cholakwa chachitatu ndicho ndikufuna uchimvetse, ngakhale ine mwini sindichimvetsa. Nditaona kuti kuyendaku kukundithandiza, mtima wanga wa malonda unadzuka. Ndinati, munthu sangataye tsiku lonse kubwera chimanjamanja. M'dambomo muli mbalame zambiri, ndipo anthu amagula. Ndinapanga misampha, ndinasankha malo, ndinayamba kuyendera misamphayo mmawa uliwonse. Dambo lomwelo, miyendo yomweyo, mphepo yomweyo. Koma sabata isanathe, chinthu chija chinabwerera m'chifuwa. Ndinkayenda ndikuganiza za msampha wa kutsogolo, ndikafika ndikuganiza za winawo. Phiri linasowanso. Mbalame ndinagwira, tinadya, zina ndinagulitsa, koma tulo tinathawa. Ndinakazula misampha yonse ndi kuwapatsa amalume ako, amene mpaka lero amati ndinapusa. Mwina ndinapusadi. Chimene ndinaona n'chakuti ukangoupatsa ulendowu ntchito, umafa. Ukanena kuti ndikupita pakutipakuti kukaona chakutichakuti, wasanduka ulendo wa ku Songani. Uyenera kufika pamphambano osadziwa kuti ukhotera kuti, ndi kulola mwendo usankhe. Ndikudziwa kuti mawu amenewa sakumveka ngati a munthu wanzeru zake. Ndawawerenga kawiri, ndipo inenso sakundikomera. Koma ndi zimene zinachitika.

Pali kanthu kena kakang'ono. Uli ndi zaka za Sitandade 1, amayi ako anakutuma mchere kwa amayi ako aakulu, mvula yoyamba itangogwa. Unachedwa mpaka ndiwo zinapsa zopanda mchere. Pobwera unali wonyowa, maso ali gwa, ndipo unati, "Ababa, ndaona nsomba ikuyenda pamsipu!" Ine ndinati nsomba siyenda, ndakhala ndikunyamula nsomba iwe usanabadwe, ndipo mwana wochedwa n'kuwonjezapo bodza ndi mwana woipa kawiri. Chaka chimene madzi anabwerera m'nyanja, ndili paulendo wanga wa khasu, ndinaona mlamba ukukwawa paudzu wonyowa, kuchoka pachithaphwi china kupita pa china, ukudzikankha ndi minga yake ya m'mbali. Ndinautsatira pang'onopang'ono mpaka unalowa m'madzi. Sindinaugwire. Ine amene ndanyamula milamba yosawerengeka, ndinali ndisanauonepo wamoyo uli paulendo wake. Sindikupepesa, pakuti mchere unachedwadi, ndipo mwana wotumidwa ayenera kubwera. Ndikungokudziwitsa kuti nsomba ija inayenda. Maso amene anaiona tsiku lija ndi ako, ndipo ndikufuna kudziwa ngati alipobe.

Tsono ndikulangize chiyani? Apa ndi pamene pensulo yakhala ikuima. Ndikati usamafulumire, ndikunama, chifukwa ntchito imene ukupita kukaphunzira ndi ya changu kuposa ya nsomba. Wodwala akakuitana, thamanga. Belu la kalasi likalira, ukhale uli kale pampando. Aphunzitsi ako asadzanene kuti ana a kunyanja ndi aulesi. Zimenezi ndikulamula, ndipo sindikubweza. Koma ndikati uzifulumira nthawi zonse, ndikukupereka m'manja mwa chinthu chija. Ziwirizi zonse ndi zoona, ndipo sizigwirizana. Ndayesa kuziluka pamodzi monga chingwe, zikumasuka. Mwina kusukulu kwanuko kuli buku limene linalongosola, ukalipeza udzandiwerengere. Pakali pano ndingokupatsa zonse ziwiri, chimodzi dzanja ili, china dzanja ilo.

Blantyre ndinafikako kamodzi kokha, ndipo sindinaone dambo. Ndinaona mapiri, ndipo pamene pali phiri payenera kukhala kanjira kopanda mwini. Sindikudziwa ngati mtsikana angayende yekha kumeneko. Mtima wina ukuti ndikuletse, mtima wina ukuti ndikakuletsa ndalemberanji zonsezi. Tichite chonchi. Uziyenda masana, dzuwa lili poyera, tsiku limene mulibe maphunziro, ukatuluka m'tchalitchi. Uvale chitenje chofika kumapazi. Ukapeza mnzako wosalongolola, mutengane. Wolongolola musiye, ameneyo ndi msampha wa mbalame. Buku lisiye pabedi. Khasu kutauni lingakuseketse, choncho amayi ako aika kadengu kopanda kanthu pamwamba pa zovala zako. Usakachotse poyesa kuti aiwala kuikamo zinthu. Wonyamula dengu amaoneka wopita kumsika. Wina akakufunsa kopita, usayankhe monga ndinayankhira ine. Utchule msika uliwonse umene uli kutsogolo kwako. Ngati limenelo ndi bodza, mlandu wake ukhale pa ine. Ndipo pobwerera usadzivute kuikamo kanthu kuti anzako aone. Za matope ndinayesa ine, sizinamiza munthu.

Chizindikiro chake ndi ichi, uchisunge. Ukadzaona kuti wadutsa munthu wokupatsa moni osamumva, kapena chakudya chatha m'mbale osadziwa kuti chinali chiyani, kapena manja ayamba kugwetsa zinthu, usadikire kuti uswe mtsuko. Tuluka. Usanene kuti ndilibe nthawi. Inenso ndinkanena choncho, mpaka nyanja yonse inachita kuphwa kuti ndiime. Iwe nyanja yako siidzaphwa, odwala sadzatha. Udzayenera kuima wekha, popanda wokuimitsa, ndipo chimenecho n'chovuta kuposa chimene ndinachita ine.

Ndayang'ananso kuseri kwa nkhokwe. Ukadali pomwepo, tsamba lomwelo, sunatembenuze chiyambire kulemba ine. Ndikuona kuti pepala lokha silikwanira. Munthu sangaphunzire kupalasa njinga pomvera nkhani, ndipo ichinso ndikuganiza n'chimodzimodzi. Ndinali ndi zaka zambiri zoti ndikutenge paulendo wa khasu, sindinakutenge, chifukwa ndinkachita manyazi kuti mwana aone bambo ake akuyang'anitsitsa kakowa. Watsala mmawa umodzi. Sindikudziwa ngati mmawa umodzi ungachite kanthu. Mwina tidzangotopa, iwe n'kumandiona ngati nkhalamba yosokonezeka, monga anandionera anyamata a chipani aja. Ndalola.

Za lole yopita ku Zomba usade nkhawa. Ndafunsa kudoko, ikatisiya ya mawa, ina inyamuka Lachisanu, inanso Loweruka, ndipo basi ya ku Blantyre pa Zomba siisowa. Lolemba udzakhala uli m'kalasi. Amene akulankhula izi ndi munthu amene sanachedwepo ndi mtanga.

Tsopano ndibwerere ku chimene pakamwa panga pamadziwa. Ukatha kuwerenga, kalatayi uipinde, uiike pansi pa zovala, ndipo usandifunse kanthu pa chakudya chamadzulo. Mawa kukangoyera, sutikesi uwapatse amalume ako, atsogole nayo panjinga ku Kachulu akatidikire. Kadengu kaja utsale nako, nsapato zatsopano uziike m'menemo, uvale zakale zija. Buku lipite ndi sutikesi. Undipeze kumapeto kwa munda wa mpunga, pamene njira imagawikana patatu. Ine ndidzanyamula khasu, ndipo ndidzakhala pambuyo pako. Usandifunse kumene tikupita. Ukafika pamphambanopo, ima, upume, kenako ukhote kumene mwendo wafuna.

Ndine bambo ako.